Lipoti: Mayi wa zaka 44 amene anafulumira kudya nsima atachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu

Lipoti ili ndalembera anzanga a m'zipatala, anamwino, madokotala ndi ife a zakadyedwe. Anthu opita kunja kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu akabwerako amagwera m'manja mwathu, pomwe amene anawachita opaleshoniyo ali kutsidya kwa nyanja. Mabanja amene akusamalira munthu wotere angapezemonso kanthu. Mayi amene ndikufotokoza pano analola kuti nkhani yawo ilembedwe, koma dzina lawo, dera limene amakhala ndi kumene amagwira ntchito sinditchula.

Mbiri ya wodwala

Ndi mayi wa zaka 44, wa ana atatu, wogwira ntchito yowerengera ndalama mu ofesi ina muno mu Lilongwe. Asanapite ku opaleshoni ankalemera makilogalamu 118, kutalika mamita 1.61, ndiye kuti BMI yawo, muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika, inali 45.5. Anakhala ndi shuga zaka 6, akumwa metformin ndi glibenclamide. Wa BP ankamwa HCTZ, amene ndi wokodzetsa, ndi amlodipine. Mawondo ankawavuta, moti diclofenac sankasowa m'chikwama mwawo. Malangizo a mu 1991 a National Institutes of Health ku America ankalola opaleshoni yotere kwa munthu wa BMI ya 40 kupita m'mwamba, kapena ya 35 ngati ali ndi matenda ena monga shuga. A mu 2022, ochokera ku ASMBS ndi IFSO, mabungwe a madokotala a opaleshoni yotere, anatsitsa malirewo. Mayiwa anali oyenera ngakhale pa malangizo akalewo.

Anachitidwa sleeve gastrectomy ku India kumayambiriro kwa mwezi wa October. Pa opaleshoni imeneyi amadula ndi kuchotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a chifu, n'kutsala kachifu kowonda, kopindika ngati nthochi, kolumikizidwa ndi timawaya m'mbali monse mmene adulamo. Kachifuko kakachira kamalowa mamililita 100 mpaka 150, koma m'masabata oyamba kamakhala kotupa ndipo kamalowa zochepa kuposa pamenepo. Mbali imene amachotsayo ndi imene imatulutsa ghrelin wambiri, yemwe amachititsa munthu kumva njala, n'chifukwa chake ambiri samva njala miyezi yoyambirira. Matumbo sawakhudza, kusiyana ndi opaleshoni ina yochepetsa thupi yotchedwa gastric bypass.

Anakhalako masiku 10 n'kubwerera. Anawapatsa pepala la kadyedwe lolembedwa bwino ndithu, la masabata ndi miyezo yake, koma zakudya zake zinali dal, paneer, khichdi ndi curd. Pakhomo panalibe amene ankadziwa zinthu zimenezi. Pepalalo linakalowa m'buku la kuchipatala ndipo silinatulukenso.

Mmene anafikira kwa ife

Anafika pa tsiku la 19 chichitidwire opaleshoni, ali ndi amuna awo ndi apongozi awo aakazi, amene anachokera ku Dedza kudzadwazika. Anali atasanza masiku 5 otsatizana. Mawu awo oyamba anali akuti, "Madam, chilichonse chikumaima apa," akuloza pakati pa chifuwa. Ankalavula malovu athovu, akaimirira ankamva chizungulire, mkodzo unali wochepa ndi wofiirira, ndipo panali patatha masiku 4 osachita chimbudzi. Kunja kunali dzuwa lija la kumapeto kwa October.

Sikelo inaonetsa makilogalamu 107. Mtima unkagunda ka 104 pa mphindi, BP 98/60, thupi silinatenthe, milomo youma. Shuga anali 3.6, potaziyamu 3.2, Hb (mlingo wa magazi) 11.4, zonse zotsikirapo. Mimba inali yofewa, mabala 5 a opaleshoni anali ouma bwino. Maso sankagwedera, ankayankha zomveka ndipo ankayenda osadzandira.

Mbiri ya zimene ankadya inatuluka pang'onopang'ono, ndipo yambiri inachokera kwa mtsikana amene amaphika pakhomopo, yemwe tinamuimbira foni. Masiku awiri oyamba atafika anamwa msuzi ndi phala lamadzimadzi. Pa tsiku la 13 apongozi anaona kuti munthu akufooka ndipo anaphika nsima yofewa ya ufa woyera ndi therere, poganiza kuti therere litereretsa. Maganizowo si opusa. Vuto lake n'lakuti nsima ambirife sititafuna kwenikweni: timaumba mbamu, kusunsa, kumeza. Mayiwa anameza mbamu 4 motero, zitaima pachifuwa anamwera madzi kuti zitsike, ndipo zonse zinabwerera. Mawa lake anayesa mpunga, zinachitikanso chimodzimodzi. Kuchokera apo kachifu kanatupa kwambiri ndipo ngakhale madzi anayamba kuwaopa.

Kuti apezeko mphamvu anawapatsa thobwa lothira shuga. Atadziyeza shuga pa kamakina kawo n'kuona wakwera kufika 11, anabwerera ku glibenclamide amene anatsala m'kabati, ngakhale ku India anali atawaletsa. HCTZ sanasiye n'komwe, chifukwa pepala linangoti akaonane ndi dokotala wa kwawo za mankhwala a BP, ndipo anali asanapite. Munthu wosadya, akumwa mankhwala otsitsa shuga. Munthu wosamwa madzi, akumwa mankhwala okodzetsa.

Masiku awiri asanafike kwa ife anapita pa kachipatala kena kolipira. Anawayeza malungo, sanawapeze, anawaika dripi ya shuga, kuwabaya diclofenac n'kuwabweza kunyumba. Apa ndikufuna anzanga amve bwino. Thupi limasunga thiamine, amene ndi vitamini B1, wokwanira masabata awiri kapena atatu okha. Munthu wochitidwa opaleshoni ya chifu amene wakhala akusanza amakhala atatsala naye wochepa, ndipo dripi ya shuga imamaliza kotsalako. Mapeto ake akhoza kukhala matenda a Wernicke: kusokonezeka mutu, maso kugwedera, kudzandira, ndipo ena sachira kwathunthu. Thiamine ayambe, shuga abwere pambuyo kapena limodzi. Diclofenac, brufen ndi anzawo amayambitsa zilonda pa chifu chongosokedwa kumene. Za malungo, kuyeza n'koyenera, koma musalekere pomwepo. Munthu wotere akabwera mtima ukugunda kupitirira 120, thupi litatentha, akumva kuwawa m'mimba kapena paphewa la kumanzere, ganizani kaye kuti mwina posokedwa pakudontha, ndipo aonedwe ndi dokotala wa opaleshoni tsiku lomwelo.

Dokotala amene timagwira naye anawagoneka usiku umodzi. Anawabaya thiamine wa mamiligalamu 100, kenako dripi ya Ringer's lactate ndi potaziyamu. Thiamine anapitiriza kubaya masiku atatu asanasinthe kupita ku mapiritsi. Glibenclamide, HCTZ ndi diclofenac zinaimitsidwa, metformin ndi amlodipine anaziimitsa kaye mpaka atayamba kumwa bwino, omeprazole, wochepetsa asidi m'chifu, anapitiriza. Anawamwetsa mankhwala oonekera pa X-ray n'kuwajambula: panalibe podontha, ndipo pokhotera kachifu, pomwe pamakonda kupanikizika, mankhwalawo anadutsa. Chotero vuto silinali la mpeni, linali la m'khitchini.

Kubwerera ku zamadzi

Ndondomeko imene zipatala zambiri zimatsata imayenda chonchi, ngakhale masiku ake amasiyana pang'ono: zamadzi zoyera tsiku limodzi kapena awiri, zamadzi zokhuthala pang'ono mpaka kumapeto kwa sabata yachiwiri, zogaya sabata yachitatu ndi yachinayi, zofewa yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, kenako zolimba pang'onopang'ono. Masiku amenewa amanena nthawi imene munthu angayambe kuyesa, sanena kuti ayenera kukhala atafika. Malinga ndi kalendala mayiwa anayenera kukhala pa zogaya, koma tinawabwezera ku zamadzi kwa sabata yathunthu.

Kuwauza mayiwa sikunavute. Ntchito inali kwa apongozi.

"Mwana wanga, tandiuzani," anatero, "munthu angalimbe bwanji ndi madzi okhaokha? Ine ndalera ana 7, sindinaonepo wodwala akudzuka osalawa nsima."

"Zoona amayi, pa matenda ena onse mukunena zoona. Koma taonani chifu chimene apongozi anuwa atsala nacho."

Ndinatenga kapu ya tiyi n'kuthiramo madzi mamililita 100. Sanafike n'pakati pomwe. Ndinawauza kuti chakudya chonse cha nthawi imodzi chiyenera kukwana pamenepo, ndipo panopa n'chotupa, ndiye theka lake. Anayang'ana kapuyo nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti nanga iwo achite chiyani. Ndinawapatsa kakapu ka mankhwala ka mamililita 30 ndi ntchito yoti mphindi 15 zilizonse azimwetsa kakapu kamodzi, kuyambira kudzuka mpaka kugona. Pa ola amakwana mamililita 120, ndipo pa maola 13 amapitirira lita imodzi ndi theka, womwe ndi mlingo wochepetsetsa umene timafuna pa tsiku. Ndaona kuti wodwazika amene mwangomuletsa zinthu osamupatsa chochita amakaphika mobisa. Gogoyu ntchito ya kakapu anaigwira kuposa mmene namwino wotanganidwa akanachitira.

Zakumwa za gasi, Sobo, thobwa, maheu ndi juwisi wa m'mabokosi tinaletsa. Kumwera pa sitiro tinaletsanso chifukwa kumalowetsa mpweya. Madzi ozizira kwambiri ankawapweteka mayiwa, ofunda pang'ono okhala ndi kandimu ankatsika bwino.

Chachiwiri chinali mapuloteni. Timafuna magalamu osachepera 60 pa tsiku, apo ayi thupi limadya minofu yake ndipo mabala amachedwa kupola. Pa zamadzi zokha kufika 60 n'kovuta. Mkaka wa mamililita 250 uli ndi magalamu pafupifupi 8. Supuni yaikulu ya mkaka waufa imawonjezera pafupifupi 2. Mkaka wamba unkawatupitsa mimba, monga zimachitikira akuluakulu ambiri kuno, choncho tinasintha kupita ku chambiko chosathira shuga ndi yogati wopanda zokometsera, wosungunula ndi madzi pang'ono. Anali ndi chitini chimodzi cha whey, ufa wa mapuloteni a mu mkaka, chimene anagula ku India, ndipo chinatithandiza sabata imeneyo. Msuzi wa nkhuku wosefa, umene abale amaukhulupirira kwambiri, ndi madzi ndi mchere. Mapuloteni ake ndi ochepa zedi. Tinauwerengera ku madzi, osati ku chakudya. Kusanza kunasiya tsiku lachiwiri.

Zogaya

Tinayamba pa tsiku la 27, masupuni aakulu awiri pa nthawi imodzi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, mpaka kufika masupuni 4. Pepala la ku India tinalilemba mwatsopano ndi zinthu za pa msika wa Lizulu ndi m'magolosale a m'dera lawo. Pophunzitsa ndinaitanitsa mtsikana wophika uja, chifukwa mphika uli m'manja mwake. Bulenda analipo, koma magetsi akazima pamafunika njira ina, ndiye tinagwiritsa ntchito kamtondo, sefa ndi kumbuyo kwa supuni.

Chimene chinayenda bwino kuposa zonse ndi chipere. Nyemba zoviika, zochotsa makoko, zophika mpaka kuphwanyika, n'kuzipyoza pa sefa. Dal wa pa pepala uja ndi m'bale wake wa chipere, kungoti palibe amene anawauza. Apongozi anachiphika okha ndipo sanafune wowaphunzitsa. Kenako dzira lophika mofewa n'kuliphwanya ndi chambiko pang'ono. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Chambo chowiritsa, chochotsa minga mosamala, chosinja ndi msuzi wake. Whey atatha tinalowa ku ufa wa usipa: kuchotsa mitu, kukazinga popanda mafuta, kusinja, kusefa kawiri. Supuni yaikulu imodzi imapereka magalamu pafupifupi 5 ndi kashiamu, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa chitini cha whey m'masitolo a m'tauni. Fungo linawavuta masiku oyamba, choncho tinkaubisa m'maungu ophwanya. Peyala, papaya ndi nthochi yakupsa zinkabwera pang'ono, pambuyo pa zomanga thupi.

Likuni Phala banjali linkaliona ngati yankho la zonse. Ndi phala labwino, koma chimanga ndicho chochuluka mmenemo, soya ndi wochepa. Kwa mwana wosowa chakudya zili bwino. Kwa munthu amene malo ake ndi masupuni 4, phala lokha limadzaza malo osafikitsa mapuloteni. Tinalilola kamodzi pa tsiku, lophikira mu mkaka, lothira dzira kapena nsinjiro pang'ono, lopanda shuga.

Lamulo limene linawavuta kwambiri si la chakudya ayi, koma la kumwa. Osamwa chilichonse pakudya, ndiponso kudikira mphindi 30 ukatha kudya. Madzi ndi chakudya zikakumana mu kachifu kotere, mwina zimabwerera, mwina madziwo amakankha chakudya msanga munthu n'kumvanso njala. Tiyi wa m'mawa, amene kwathu amayendera limodzi ndi chodyera, anayenera kupatukana nacho. Kudzimbidwa kunatha madzi atakwana ndi papaya, dokotala atawonjezera lactulose, wofewetsa chimbudzi, masiku ochepa.

Zofewa, ndi kubwerera kwa nsima

Sabata yachisanu ndi chimodzi itatha tinayamba zofewa. Muyeso wake ndi foloko: chimene sichiphwanyika ukachikanikiza ndi foloko sichinafike nthawi yake. Chakudya chatsopano chimodzi pa tsiku, kuti chikavuta tidziwe kuti ndi chiti. Chovutacho timachisiya sabata imodzi kapena ziwiri n'kuyesanso, sitichitaya. Anayamba kudyera pa sosala ndi supuni ya tiyi, kutafuna mpaka chakudya chisungunuke m'kamwa, kutula supuni pansi asanatapenso, mphindi 20 mpaka 30 pa chakudya chimodzi. Nthawiyo ikakwana chotsala chichotsedwe, chifukwa kutola-tola maola awiri ndi njira yolowetsera chakudya chambiri mu chifu chaching'ono.

Kukhuta kwa munthu wotere sikumveka m'mimba monga kale. Kwa mayiwa chizindikiro chinali kugeya kamodzi ndi mamina kuyamba kutuluka. Supuni imodzi yowonjezera pamenepo inkabweretsa kulemera pachifuwa ndi thovu lija. Anaphunzira kuima pa kugeya koyamba.

Nsomba zinalowa mosavuta: chambo, kampango, usipa wauwisi wophika ndi tomato. Nyama yogaya yophika ndi msuzi wambiri inalowa. Nkhuku inasankha: ntchafu ya nkhuku yoyera yofutsa bwino inatsika, chidali chouma chinaima, ya lokolo tinaisiya mpaka mwezi wachinayi. Soya pieces anayenera kuphikidwa nthawi yaitali ndi kudulidwa ting'onoting'ono. Chiwindi kamodzi pa sabata chifukwa cha ayironi. Masamba tinayamba ndi nkhwani wosadzula bwino ndi bonongwe wanthete, wotendera pang'ono. Ndinapempha kuti asamathire soda kapena chidulo, chifukwa zimawononga thiamine yemwe tinkalimbana kumubwezera. Rape ndi kabichi wosapsa kwenikweni, kachumbari, mango a ulusi amene anali atadzaza pamsika nthawi imeneyo, nyenyeswa za malalanje ndi nzimbe zinadikira. Ulusi wotere ukhoza kuunjikana mu kachifu n'kutseka njira. Buledi watsopano, mandasi ndi mpunga zimaumbana kapena kufufuma zikalowa, ndipo mwa odwala amene ndawaona ndizo zimachedwa kulandiridwa.

Funso la tsiku lililonse linali la nsima. Apa ndinene maganizo anga. Sindigwirizana ndi anzanga amene amauza wodwala wa kuno kuti nsima aiwale. Sadzaiwala, adzangosiya kukuuzani. Vuto la nsima si lakuti ndi yoipa. Ndi la malo. Magalamu 100 a nsima ali ndi mapuloteni osapitirira magalamu 3, pomwe magalamu 100 a chambo chophika ali ndi opitirira 20. Kadyedwe kathu n'koti nsima ndiyo chakudya, ndiwo n'zoperekeza, ndipo mtanda umodzi wa pachipande ndi waukulu kuposa kachifu konse. Munthu akayamba ndi nsima, mbamu zitatu zatseka pakhomo ndipo nsomba yatsala m'mbale. Ndiye tinatembenuza dongosolo: ayambe nsomba, nyama, dzira kapena nyemba, kenako masamba, nsima pomaliza, ngati malo atsala. Magulu 6 a zakudya amene timaphunzitsa m'zipatala ndi omwewo, chasintha ndi choyamba kulowa.

Nsima inabwerera pa sabata ya 9. Yofewa, ya mgaiwa wosefa bwino, timbamu tiwiri tating'ono ngati nsonga ya chala, tosunsa mu msuzi, totafuna. Amuna awo anaseka poona munthu wamkulu akutafuna nsima, koma inatsika ndipo sinabwerere. Ndinasankha mgaiwa chifukwa ufa woyera umataya gaga ndi mavitamini ambiri pokonola ndi poviika. Apongozi anabwerera ku Dedza sabata yomweyo, atanena kuti tsopano munthu wayamba kudya.

Zimene zinachitika kunja kwa nyumba

Pakhomo zinthu zinali m'malo, koma moyo wa mu Lilongwe suthera pakhomo. Kumapeto kwa November anapita ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali awo. Achibale ambiri sanadziwe za opaleshoni. Anangouzidwa kuti anapita ku India kukaonetsa mawondo. Anawapatsa thobwa lotsekemera ndipo anachita manyazi kukana. Anamwa pafupifupi theka la kapu. Patatha mphindi 20 thukuta linatuluka, mtima unathamanga, m'mimba munapota ndipo anatsegula m'mimba. Anagona m'galimoto pafupifupi ola. Imeneyi ndi dumping syndrome: shuga wambiri akafika m'matumbo mwadzidzidzi amakokera madzi m'matumbomo. Imachitika kwambiri kwa a gastric bypass, koma a sleeve nawo imawapeza. Pali ina yochedwa, imene imabwera patatha ola limodzi mpaka atatu, shuga wa m'magazi akatsika chifukwa insulin watuluka wambiri. Iyi sinawachitikire. Thobwa sanalikhudzenso, ndipo sindinafunike kuwakumbutsa.

Maliro a kumudzi mu December anali ovuta mwa njira ina. Chakudya cha pamaliro ndi nsima yolimba, nyemba za makoko ndi kabichi, kudyera pagulu ndiponso mofulumira. Anakhala masiku awiri akungolawa msuzi wa nyemba, ndipo anabwerako atafooka. Tinagwirizana kuti ulendo wotere azinyamula mazira owiritsa, mkaka waufa ndi botolo la madzi, ndi kudyera m'nyumba mwa mlamu wawo amene akudziwa nkhaniyi.

Palinso nkhani ya pakamwa pa anthu. Munthu wonenepa akataya makilogalamu 20 m'miyezi itatu kuno, anthu sayamikira, amanong'ona. Ena kutchalitchi anayamba kufunsa amuna awo ngati kunyumba kuli bwino, ndipo azimayi anzawo ankawadzazira mbale mwachifundo. Mayiwa anandiuza kuti tsiku lina anadya mokakamiza pa phwando la ku ofesi kuti anthu aone kuti sakudwala, n'kukasanza ku bafa. Sindinawauze kuti aulule, chifukwa ndi nkhani yawo. Tinangokonza mawu oti azinena: "Adokotala anandiika pa dayati chifukwa cha shuga." Ndi zoona, ndipo kuno palibe amene amatsutsana ndi shuga. Anadzauza anzawo awiri a mu ofesi, amene tsopano amawateteza pa nthawi ya nkhomaliro. Chakudya amanyamula m'kakontena, chifukwa tchipisi ndi nsima za m'malesitilanti zimadyedwa m'mphindi 10 ndipo iwo mphindi 10 sizikwana.

Mu January mpingo wawo unali ndi masiku osala kudya. Ndinawalangiza mayiwa kuti chaka chimenecho asasale chakudya kapena madzi, ndipo abusa awo atamva chifukwa chake sanavute. Kanyenya wa mbuzi amene anayesa pa Khirisimasi anaima pachifuwa maola awiri. Zikatero timati asiye kudya, asamwere madzi, ayendeyende, ndipo tsiku lotsatira abwerere ku zamadzi. Kusanza kukapitirira tsiku limodzi, kapena madzi akakana kutsika, abwere kuchipatala.

Mankhwala ndi mavitamini

Mavitamini ndi a moyo wonse, osati a miyezi yoyamba yokha. Mayiwa amamwa multivitamin tsiku lililonse, kashiamu wokwana mamiligalamu 1,200 pa tsiku wogawa kawiri kapena katatu, vitamini D, ndi ayironi chifukwa akadasamba. Kashiamu ndi ayironi azitalikirana maola awiri, ndipo ayironi asamwere tiyi. Calcium citrate ndiye amalowa bwino mu chifu chopanda asidi wambiri, koma m'mafamase a kuno amene amapezeka kawirikawiri ndi calcium carbonate. Ameneyu amwedwe ndi chakudya. Vitamini B12 amabayitsa miyezi itatu iliyonse, chifukwa mbali ya chifu imene inachotsedwa inkathandiza kuti alowe m'thupi. Wa mawondo tsopano ndi panado. M'buku la kuchipatala tinalemba ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba kuti anachitidwa opaleshoni ya chifu, asapatsidwe diclofenac kapena brufen, ndiponso kuti akasanza apatsidwe thiamine dripi ya shuga isanaikidwe. Akadzadwala malungo, LA amwere mkaka, popeza amalowa bwino ndi mafuta pang'ono, ndipo akamasanza asalimbane ndi mapiritsi kunyumba. Tinakambirananso za kulera: mimba siyenera kubwera miyezi 12 mpaka 18 yoyamba, ndipo kuonda kumabwezeretsa kubereka ngakhale kwa amene ankaganiza kuti anamaliza. Anasankha lupu.

Zotsatira

Pa miyezi itatu ankalemera makilogalamu 96. Ankadya katatu ndi tokamwula tiwiri, pafupifupi theka la kapu nthawi imodzi, ndipo mapuloteni ankafika magalamu 60 mpaka 65 masiku ambiri. HbA1c, muyeso wa shuga wa m'magazi wa miyezi itatu, inatsika kuchoka pa 8.9 kufika pa 6.6, ali pa metformin yekha. BP inali 128/80 pa amlodipine yekha. Tsitsi linayamba kuthothoka mwezi wachinayi, zimene zimachitika kawirikawiri pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi. Ndinawapempha kuti aleke kaye mankhwala owongola tsitsi ndi zoluka zokoka, ndipo tinaonanso mapuloteni ndi ayironi.

Pa miyezi 6, mu April, ankalemera makilogalamu 87, BMI 33.6. HbA1c inali 6.0 ndipo dokotala anaimitsa metformin, kuti ayezenso pakatha miyezi itatu. Amadya pafupifupi chilichonse cha pakhomo, kupatula buledi watsopano, nyama yootcha ndi chimanga chachiwisi, chimene anayesa mu March n'kuchisiya. Nsima amadya kanayi kapena kasanu pa sabata, kotala ya mtanda. Amayenda mphindi 40 m'mawa asanapite ku ntchito.

Zotsala ndi zitatu. Ferritin, muyeso wa ayironi wosungidwa m'thupi, yatsika kufika pa 18 ngakhale Hb ili 11.9, ndipo avomera kuti ayironi amamudumpha chifukwa amawadzimbira. Tasintha kuti azimwa tsiku limodzi kudumpha limodzi, ndipo ikapanda kukwera pakatha miyezi itatu dokotala aganizira ayironi wa pa dripi. Chachiwiri, njala yayamba kubwerera ndipo nyengo ya mtedza yafika. Mtedza wokazinga, mabisiketi ndi tchipisi ta m'mapaketi zimaphwanyika n'kudutsa kachifu osakhutitsa, ndipo m'diresi ya ku ofesi mwayamba kupezeka kapaketi. Takonza kuti tokamwula tikhale pa nthawi yoikika, dzanja limodzi la mtedza basi. Chachitatu ndi chilungulira. Atayesa kusiya omeprazole chinabwerera usiku, zimene zimachitika kwa anthu ena a sleeve. Abwereranso pa mankhwalawo, chakudya chamadzulo chikhale maola atatu asanagone, ndipo tawalembera kalata yoti akaunikidwe kummero ndi m'chifu ndi kamera ngati chipitirire mpaka mwezi wa 9.